Mlongo Adikire Panja

Kwa Chiwalo, Phalombe
9 Ogasiti 1998

Okondedwa achimwene a Sylvester,

Choyamba ndifunse moyo wanu kumeneko ku Blantyre. Kuno tadzuka. Amayi ali bwino kupatula bondo lija. Alamu anu a Laston akuumba njerwa, akuti chaka chamawa tigona m'nyumba ya malata, ine ndimangoseka. Muphwa wanu Tikondane wayamba kukwawa, dzulo tinachita kumulanda chitsononkho m'kamwa. Nandolo wabereka, tayamba kuthyola.

Ine ndiye thupi silikundikomera. Sikuti ndagona ayi, ndikuyenda. Koma ndikachoka kumjigo ndi ndowa pamutu ndimatula panjira, mtima ukugunda ngati ng'oma ya tchopa. Msuweni wathu Zelifa amandiseka kuti ndakalamba mano onse ali m'kamwa. Madzulo mapazi amalemera.

Amayi akuti tipite kwa bambo wina wa zitsamba kuseri kwa phiri la Michesi. Ine mtima wanga uli kuchipatala. Pali mawu ena amene anamwino anandisiyira kale, oti ndikadzapeza adokotala aakulu ndidzawauze. Kodi kumeneko simukudziwako wina? Inu ndi amene mwaphunzira pamtundu pathu, njira mukuzidziwa.

Amayi akupempha mabatire a wailesi. Akuti munawagulira wailesi yosalankhula.

Ndine mlongo wanu,
Eveles


Chilomoni, Blantyre
21 Ogasiti 1998

Achemwali,

Moni nonse. Ine ndili bwino, kungoti nthawi ndilibe. Bungwe lathu likuphunzitsa anthu za ufulu ndi mavoti, ndiye sabata ino Thyolo, sabata yamawa Lilongwe.

Kalata yanu yandipsetsa mtima. Dziko lasintha, Phalombe tsopano ndi boma palokha, koma kwathu munthu akadwala tikuthamangirabe kuseri kwa phiri! Tidzasintha liti? Auzeni amayi kuti kwa bambo wa zitsambayo musapondeko. Ndikanena zimenezi amati ndanyada chifukwa cha digiri, koma wina ayenera kunena.

Dokotala ndamupeza, ndi wa chipatala cholipira ku Limbe. Za ndalama zisakukhudzeni. Mubwere Lolemba pa 7 Seputembala, ndikakuchingamirani pa depoti. Musachedwe, ndipo musanyamule nkhuku kapena thumba la makaka ngati mukusamuka. Dokotalayo ndi wochokera kunja, Chichewa sachidziwa, koma inu musavutike ndi zokanena. Pakamwa panu ndidzakhala ine.

Mabatire ndapatsira mphunzitsi wina wopita ku Chiringa.

Sylvester


Chilomoni, Blantyre
10 Seputembala 1998

Alamu a Laston,

Ndikhulupirira achemwali ndi mwana afika bwino, ndinawakweza basi dzulo m'mawa. Ndikulemba kuti mumve kwa ine, chifukwa iwowo mukawafunsa angoti “tayenda bwino.”

Tinaonana naye dokotala. Pakhomo anamwino anati ine nditsale panja, amasulira okha. Ndinakana. Ndinawauza kuti anthu akwathu akatsala okha ndi dokotala amangoti inde, inde, ngati ali pabwalo la milandu. Ndipo sindinaname. Titangolowa, achemwali anakokera chitenje mpaka kuphimba zala zakumapazi, maso pansi. Zonse ndinafotokoza ndine m'Chingerezi: kutopa, befu, khasu, kuyamwitsa. Dokotala mpaka anandifunsa kumene ndinaphunzira.

Anafunsa ngati anadwalapo matenda aakulu. Ndinati ayi, kwathu ndi malungo basi. Kenako anafunsa za nthawi imene ankayembekezera mwanayu. Ndinawatembenukira, ndinati, “Achemwali, akuti pakati pa Tikondane panayenda bwanji?” Alamu, anakhala duu mpaka ine manyazi. Ndinachita kuwagwedeza phewa, pajatu masana ndinali ndi msonkhano. Ndiye anati, “Bwinobwino.” Ulendo wonse uja, mawu amodzi!

Zotsatira ndi izi. BP anaipeza yokwererako, koma akuti mwina ndi ulendo ndi mantha, abwerenso pakatha mwezi adzayeze kachiwiri. Chachikulu ndi chakuti magazi ndi ochepa. Awapatsa mapiritsi owonjezera magazi. Azidya masamba, nyemba ndi mazira, osati mazira onse kumapita kumsika.

Choncho auzeni amayi ndi ena onse kuti palibe choopsa. Achemwali ndi munthu wabwinobwino, palibe chimene akuletsedwa. Nkhani imene ikanadya mbuzi kuseri kwa Michesi yatha m'mawa umodzi. Ndi mmene zinthu ziyenera kumayendera.

Mlamu wanu,
Sylvester


Kwa Chiwalo
15 Novembala 1998

Achimwene,

Mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno mvula yagwa, tadzala. Tikondane akuimirira pogwira mtondo.

Ndikuthokoza chifukwa cha zonse munachita. Kalata yanu ija a Laston anaiwerenga pakhonde, amayi ali pompo, apongozi anganso anali atabwera kudzacheza. Pofika pamene munati palibe chimene ndikuletsedwa, apongozi anati abwereze. Anabwereza. Onse anakondwa.

Mapiritsi anatha. Befu uja sanathe. Tsiku lobwereranso lija linadutsa, ndimadikira kuti mundiitane. Ngati kungatheke, ulendo uno ndibwere ndi Zelifa, tikalowe awiri kwa adokotala. Inu musajombe kuntchito chifukwa cha ine. Anamwino aja anati amatha kumasulira.

Ndine,
Eveles


Chilomoni
12 Januwale 1999

Achemwali,

Pepani kuchedwa, kalata yanu ndinaipeza nditabwerako ku Lilongwe. Chaka chabwino nonse.

Zelifa wa chiyani? Chingerezi chake ndi “gudumoningi” basi, akakusokonezani. Ine sindikudandaula kujomba, musamandichitire manyazi ngati mlendo. Kungoti panopa tikukonzekera kalembera wa chisankho, tsogolo la dziko lili pamenepa. Pirirani pang'ono, zikaphweka ndikuitanani tikalowe limodzi ngati kale. Mazira mukudya?

Sylvester


Kwa Chiwalo
8 Malichi 1999

Amuna anga a Sylvester,

Ndine Zelifa, msuweni wanu, mkazi amene munamusiya kumudzi n'kukakwatira mabuku. Ndamva kuti Chingerezi changa ndi gudumoningi basi. Chabwino bwana, ndilemba Chichewa, muwerenge mutakhala pansi. Moni sindipereka wambiri chifukwa kuno sikuli bwino.

Lachiwiri lapitali Eveles anagwa m'munda, pakati pa mizere ya chimanga, milomo itachita bii. A Laston anamumangirira panjinga ndi chitenje, ine ndikuthamanga pambuyo ndi Tikondane kumsana, mpaka kuchipatala chathu chaching'ono. Adokotala a kumeneko anati a Laston adikire panja, ine nditsale. Chitseko chitangotsekedwa, mlongo wanu uja mumati sadziwa kulankhula anayamba kulankhula, osapumira koma pofuna mpweya.

Inu nthawi imene ankayembekezera Tikondane munali m'tauni kusaka ntchito, komanso ndinu mwamuna, ndiye munangouzidwa kuti kwabadwa mwana, onse ali bwino. Zinazo ndikuuzani ine, poti pakamwa pa msuweni palibe chitseko. Eveles anatupa nkhope mpaka maso kutsala ting'onoting'ono. Mutu unkamuwawa, akuona timoto masana. Kusikelo anati BP yakwera moopsa. Tsiku lochira anakomoka, kuphupha thupi lonse mpaka kudziluma lilime. Amayi anu anayamba kulira maliro pakhonde la chipatala. Eveles anatsitsimuka ndi majakisoni.

Potuluka anamwino anamugwira dzanja. Anamuuza kuti matenda amenewa sathera pa kubadwa kwa mwana, nthawi zina amatsalira mumtima. Anati dokotala aliyense amene adzakumane naye azimuuza, ngakhale atapita ndi chilonda cha chala. Anatinso asafulumire kutenga pathupi pena mpaka adokotala aakulu amuyeze mtima.

Mawu amenewo ndiwo anakwera nawo basi kubwera kwanuko. Anandiyeserera ine kumjigo, kuwabwereza ngati katekisimu. Ndiye akulowa m'chipinda, inu mwakhala pambali pake ndi tayi wanu, n'kumufunsa za pakati! Mlongo wake! Kodi ku koleji ku Zomba kuja anakuchotsani ndi mwambo womwe? Ndi mkazi uti wakuno anganene za m'chikuta mlongo wake ali pamphuno? Ngakhale mapazi otupawo, akanawavundukula bwanji inu mukuyang'ana?

Ndisanathe, imvani ichi. Iye ndi a Laston anali akudikira, monga ananenera anamwino. Apongozi ankalongolola kuti mwana mmodzi si mwana, koma a Laston ankati tidikire mawu a dokotala wamkulu. Mawuwo anabwera m'kalata yanu. Palibe chimene akuletsedwa. Eveles akanatsutsa bwanji pakhonde, pamaso pa apongozi, kuti achimwene ophunzira alakwitsa? Lero ali ndi pathupi pa miyezi inayi.

Adokotala akuno amupatsa mankhwala a BP, koma akuti mtima ukumveka wotopa, ukufunika kukaujambula ku chipatala chachikulu msanga. Pano akugona chokhala, atatsamira thumba la nandolo, akagona chagada amabanika.

Wandiletsa kulemba, akuti muli ndi ntchito ya dziko. Ndalemba.

Mkazi wanu wosiyidwa,
Zelifa


Chilomoni
17 Malichi 1999

Achemwali anga,

Ndifunse kuti mwadzuka bwanji, ngakhale ndikudziwa. Zelifa wandilembera. Musamukalipire.

Kalata ino ndayamba kangapo n'kung'amba. Zimene anandiuza sindingathe kuzilemba kwa inu ndi mayina ake, dzanja likukana. Papepala pokha, inu muli kutali, ndikulephera. Ndiye inu mukananena bwanji ine ndili pampando womwewo, ndikukugwedezani phewa?

Ndinabwerera kwa dokotala uja ndekha. Anandikumbukira, anati, “Aa, mnyamata wa Chingerezi chabwino.” Ndinamufotokozera zonse, Chingerezi chomwecho chikundithawa pakamwa. Anavula magalasi.

“Koma ndinafunsa,” anatero.

Ndinati, “Munafunsa, koma ndinayankha ndine.”

Sanandikalipire, bola akanatero. Anati akanadziwa za BP ya nthawi ija sakanaima pa magazi ochepa, akanakuyezani mapazi ndi chifuwa mofatsa n'kukutumizani kukajambula mtima sabata yomweyo. Anati mayi amene BP inamukwera ali woyembekezera ayenera kumanena kwa dokotala ngakhale patapita zaka zambiri, mwana atakula, chifukwa mtima sumaiwala. Anafunsa chifukwa chake simunabwerenso pakutha pa mwezi. Kalata yanu ya Novembala inali m'thumba mwanga. Munandipempha bwinobwino kuti ndikhale panja, ine ndinaona ngati ndi manyazi akumudzi.

Tsiku lililonse ndimaima pansi pa mitengo ya mango m'midzi ya eni, kuuza azimayi kuti nthawi yolankhuliridwa ndi ena inatha. Dzulo ku Chiradzulu mawu amenewo ndinawasiyira panjira, anamaliza ndi mnzanga.

Dokotala walemba kalata yoti akakulandireni ku chipatala chachikulu, kumene kuli makina ojambulira mtima ndi madokotala a amayi. Akuti musachedwe. Ndatenga tchuthi, kalembera achita ena. Mubwere Lolemba, musakwere basi ya m'mawa yodzaza ija, ndipo mukafika munene kuti

Ayi. Ndayambanso. Tsiku musankhe ndinu, bola likhale la msanga. Zokanena mukuzidziwa kuposa ine. Mundiuze chimene ndingachite, ndichita chomwecho basi.

Sindikudziwa ngati ndingapemphe kuti mundikhululukire panopa. Mwina tidikire kaye zotsatira.

Mlongo wanu,
Sylvester


Kwa Chiwalo
24 Malichi 1999

Achimwene,

Kalata ndaiona. Zelifa pakamwa pake mpobooka kuyambira ali mwana.

Sindinakwiye. Kukwiya kumafuna mpweya, ine ndilibe wokwanira. Inenso ndikanatha kunong'oneza anamwino aja potuluka, koma munali kale patsogolo mukuyang'ana wotchi, ndipo ndinaopa kukuchititsani manyazi pamalo pamene amakulemekezani. Zapita.

Tibwera Lachitatu sabata yamawa, ine ndi Zelifa ndi mwana. A Laston atsala kuyang'anira munda, anyani a ku phiri ayamba. Akungodziimba mlandu, sakudya. Muwalembere, nonse awiri mukudwala matenda amodzi.

Kuchipatala tikalowa ndi Zelifa. Ntchito yanu ndi Tikondane. Amakonda nthochi, ndipo akalira musamulankhule Chingerezi.

Eveles


Chilomoni
2 Epulo 1999

Alamu a Laston,

Moni kwa inu ndi amayi. Ulendo uno sindikuuzani zambiri, chifukwa sindikudziwa zambiri. Ndipo chonde kalata ino musaiwerenge pakhonde.

Anafika Lachitatu, dzulo tinapita kuchipatala chachikulu. Kuchokera pachipata kufika kuchipinda cha madokotala si patali, koma achemwali anaima katatu kugwira khoma. Mu Seputembala ankatha kunditsatira ine ndikuthamangira msonkhano.

Analowa ndi Zelifa. Ine ndinakhala pabenchi lapanja ndi Tikondane. Nthochi anazimaliza, anandikodzera thalauza, kenako anagona atagwira tayi. Mayi wina amene ndinakhala naye anandiseka, anati, “Bambo, mwana amanyamula chonchi ngati fayelo?” Anandikonzera. Chitseko chinatsegulidwa kangapo, anamwino kulowa, kutuluka, kenako anadutsa nawo pampando wamatayala kupita kojambula. Miyendo inkafuna kunyamuka yokha kuti ndikafunse, ndikafotokoze. Ndinakhala pansi.

Zimene achemwali andiuza okha ndi izi. Mtima wakula ndipo ukupopa mofooka. Awagoneka, ayamba kuwapatsa mankhwala ochotsa madzi m'thupi, usiku wathawu akuti agonako. Sabwerera kumudzi mpaka nthawi yawo itakwana, akatuluka azikhala kwa ine kuti chipatala chikhale pafupi. Khasu ndi ndowa asiye. Madokotala sanalonjeze kanthu, za iwo kapena za winayo amene tikumuyembekezera, angoti ayesetsa. Zina akuti akuuzani okha mukabwera. Sindinafunse.

Inu musadziimbe mlandu. Munadikira mawu a dokotala monga munthu wanzeru. Amene anakubweretserani mawu olakwika ndine.

Madzulo ndinaperekeza Zelifa kukagula sopo ndi beseni. Njira yonse sananditchule kuti amuna anga, sananditukwane ngakhale kamodzi. Ndinamufunsa ngati achemwali anatha kulankhula. Anati analankhula zonse, kuyambira kutupa kwa nkhope mpaka kugwa m'munda, dokotala akulemba osawadula. Anati anafunsanso mafunso awo, mpaka dokotala anawajambulira mtima papepala kuti aone pamene pavuta.

Ndiye pomaliza, akuti dokotalayo anaika cholembera pansi n'kufunsa, “Mayi, zonsezi mumazidziwa bwino chonchi, bwanji simunabwere msanga?”

Achemwali anati, “Ndinabwera, adokotala. Koma sindinali ndekha.”

Alamu, munda muwasiyire amalume a Dickson, bwerani. Mukafika mufunse wodi ya amayi oyembekezera. Ine mudzandipeza pabenchi lapanja.

Mlamu wanu,
Sylvester